Ana a sukulu odzaza bwalo la anthu 100,000: sizoni ya LSU ya 2019 ndi mmene mpira wa m'makoleji ku America umayendera

Mlamu wanga ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Bwalo ladzaza thothotho, anthu avala zachikasu ndi zapepo, gulu la oimba malipenga likuguba pakati, ndipo anyamata ovala zipewa zolimba akuthamanga kutuluka m'chipinda chovalira ngati ng'ombe zotsekulidwa m'khola. Pansi pake analemba kuti: "Alamu, akuti awa ndi ana a sukulu. Zoona zimenezi? Nanga mpira wake bwanji akuugwira ndi manja?"

Mafunso onse awiri ndi omveka. Bwalo limene anaonalo ndi Tiger Stadium, mumzinda wa Baton Rouge m'chigawo cha Louisiana, ndipo mumalowa anthu 102,321, kuposa kuwirikiza kawiri anthu amene angakhale mu Bingu National Stadium. Mwini wake ndi sukulu ya ukachenjede ya Louisiana State University, imene aliyense amangoitchula kuti LSU. Osewerawo ndi ophunziradi, ambiri a zaka 18 mpaka 23. Njira yosavuta yomvetsetsera dziko limeneli ndi kutsatira timu imodzi m'sizoni imodzi, ndipo ndasankha LSU ya 2019, chifukwa m'miyezi isanu yokha inaonetsa pafupifupi mbali zonse za masewerawa: malamulo, ndalama, mwayi, ndiponso kusakhalitsa kwa timu ya pasukulu.

Masewerawo pawokha

Anthu a ku America akanena kuti football satanthauza mpira wamiyendo. Wawowu ndi wachibale wa rugby: mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ngati papaya wamng'ono, ndipo nthawi zambiri umanyamulidwa kapena kuponyedwa ndi manja. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Bwalolo ndi lotalika mayadi 100, yadi imodzi ikuchepera pang'ono pa mita, ndipo kumapeto konse kuli kachigawo ka mayadi 10 kumene kuli ngati golo.

Mtima wa masewerawa uli apa. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mpirawo mayadi 10 kupita kutsogolo. Mpata uliwonse umatchedwa down. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mipata ina inayi. Ikalephera, mpira umapita kwa adani, n'chifukwa chake pa mpata wachinayi matimu ambiri amangoumenya ndi mwendo kuti adaniwo akayambire kutali. Zili ngati ganyu yolima imene mwapangana kuti mizere khumi ithe musanapume kanayi: mukamaliza akupatsani ndime ina, mukalephera khasu litengedwa ndi wina.

Kulowetsa mpira m'kachigawo ka kumapeto kuja, kaya pothamanga nawo kapena pouwakha uli m'menemo, kumatchedwa touchdown ndipo kumapatsa mapointi 6. Kenako timu imamenya mpira pakati pa mitengo iwiri kuti iwonjezere pointi imodzi, kapena imayesa kulowanso kuti ipeze ziwiri. Ikakanika kufika kumapeto koma ili pafupi, ingathe kumenya mpirawo pakati pa mitengo ija n'kupeza mapointi 3. Masewero amagawidwa panayi, mphindi 15 chigawo chilichonse, koma popeza wotchi imaimaima, munthu amakhala pampando maola oposa atatu.

Amene amaukira ndi amene amatchinga ndi anthu osiyana. Mpira ukasintha manja, anthu 11 amatuluka, ena 11 n'kulowa. Pa oukirawo, mwini filimu ndi quarterback: ndiye amalandira mpira poyamba, kuwerenga mmene adani aimira, n'kusankha kuti auponyere ndani kapena aupereke kwa wothamanga nawo. Owakha mipira yakeyo, amene amathamangira kutsogolo m'mbali mwa bwalo, amatchedwa ma receiver. Kutsogolo kwake kumaima zimphona zisanu, zolemera makilogalamu 130 kapena kuposa, zimene ntchito yake ndi kumuteteza kwa masekondi atatu kapena anayi kuti aponye asanagwetsedwe.

Chifukwa chake kugonja kamodzi kumapweteka

Mu 2019 gulu lapamwamba la mpira wa m'makoleji linali ndi matimu 130. N'zosatheka kuti onse akumane, makamaka popeza masewerawa amaphwanya thupi kotero kuti timu imasewera kamodzi pa sabata, kawirikawiri Loweruka, masewero 12 okha kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Novembala. Choncho matimu anagawidwa m'maligi ang'onoang'ono otchedwa conference. LSU ili mu Southeastern Conference, mwachidule SEC, ligi ya kummwera kwa dzikolo imene nthawi imeneyo inali ndi matimu 14 ndipo ambiri amaiona kuti ndi yovuta kuposa ena onse.

Ndiye katswiri wa dziko lonse amapezeka bwanji? Apa ndi pamene wotsatira ligi ya kwathu amadabwa. Palibe tebulo limodzi la mapointi. Kuyambira 2014 mpaka 2023, komiti ya anthu 13 inkakhala pansi, kuona amene wapambana, wapambana ndani, komanso wapambana motani, n'kusankha matimu anayi okha oti alowe m'ndime ya chipulumutso yotchedwa College Football Playoff. Kugonja kawiri kunali ngati kutsanzika. Ena amati njirayi inkachititsa Loweruka lililonse kukhala ngati fainolo; ena amati anthu 13 m'chipinda cha hotela sangaweruze mwachilungamo matimu amene sanakumanepo. Kuyambira 2024 matimu olowa m'ndimeyi anawonjezedwa kufika pa 12, koma mkanganowo sunathe, unangosamukira pa timu ya nambala 13.

Timu imene inalibe dzina loponya mpira

LSU sinali timu yaing'ono. Inatengapo ukatswiri wa dziko mu 1958, 2003 ndi 2007. Koma mbiri yake inali ya otchinga olusa ndi othamanga ndi mpira amphamvu, osati yoponya. Masapota ankadandaula chaka ndi chaka kuti sukuluyi imatulutsa ma receiver abwino monga Odell Beckham Jr. ndi Jarvis Landry koma siidziwa kuwagwiritsa ntchito. Ndipo panali munga umodzi m'phazi: Alabama ya mphunzitsi Nick Saban, yemwenso ndi amene anapatsa LSU chikho cha 2003 asanachoke. Pofika 2019, Alabama inali itakwapula LSU maulendo asanu ndi atatu otsatizana, ndipo mu 2018 inawachita 29 kwa 0 pakhomo pawo pomwe.

Mphunzitsi wamkulu anali Ed Orgeron, mwana wa ku Louisiana komweko, wa fuko la Cajun, anthu amene makolo awo ankalankhula Chifalansa. Mawu ake ndi a manzenene, ngati munthu amene wameza miyala, ndipo ambiri kunja kwa Louisiana ankamuseka. Anali atalepherapo kale ku Ole Miss, sukulu ina ya mu SEC, kumene anapambana masewero 10 n'kugonja 25 pa zaka zitatu. Nzeru imene anaionetsa mu 2019 inali yovomereza kuti zina sazidziwa. Anatenga mnyamata wa zaka 29, Joe Brady, amene anali wothandizira wamba ku New Orleans Saints mu ligi ya akuluakulu ya NFL, kuti agwire ntchito ndi mkulu wa oukira, Steve Ensminger, ndipo anawauza kuti asinthe kaseweredwe konse.

Kusinthako kunali kotere. M'malo mounjika anthu pafupi ndi mpira n'kumagunda khoma, anamwaza owakha anayi kapena asanu m'lifupi monse mwa bwalo. Otchinga akamwazikana kuwatsatira, pamatseguka mipata. Koma mtengo wake ndi wakuti quarterback amatsala ndi omuteteza asanu okha, ndiye ayenera kuganiza msanga kuposa amene akubwera kudzamugwetsa. Njira imeneyi imafuna munthu wa mutu wozizira. Anali naye kale, kungoti palibe amene ankadziwa.

Joe Burrow

Burrow anakulira ku Athens, m'chigawo cha Ohio, kumene bambo ake anali mphunzitsi wa otchinga pa Ohio University. Anapita ku Ohio State, imodzi mwa matimu akuluakulu, ndipo anakhala zaka zitatu osapeza malo m'timu yoyamba. Ataona kuti malowo apita kwa Dwayne Haskins, anasamukira ku LSU mu 2018. Malamulo a nthawiyo ankati wosamuka akhale chaka chathunthu osasewera, kupatula ngati wamaliza kale digiri yake yoyamba. Burrow anali atamaliza, choncho sukulu ndi imene inamutsegulira chitseko.

Chaka chake choyamba ku LSU chinali cha pakatikati: ma touchdown 16 oponya, ndipo mipira yake inkafika m'manja mwa anzake pafupifupi 58 pa 100 iliyonse. Chaka chotsatira, munthu yemweyo, dzanja lomwelo, anaponya ma touchdown 60, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo m'gulu lapamwambali, ndipo adani anamulanda mpira m'mwamba kasanu ndi kamodzi kokha. Mipira 76 pa 100 iliyonse inafika. Mayadi onse pamodzi anali 5,671, kutanthauza makilomita oposa asanu a mpira woponyedwa ndi kuwakhidwa.

Manambala paokha sauza munthu mmene ankasewerera. Tengani usiku wa pa 7 Seputembala ku Austin, akusewera ndi Texas. LSU ikutsogola 37 kwa 31, kwatsala mphindi zosakwana zitatu, ndipo ili pa mpata wachitatu ikufunika mayadi 17. Nzeru ya makolo pamenepa ndi kuthamanga ndi mpira mosamala, kudya nthawi, kenako kuumenyera kutali n'kudalira otchinga. LSU ya zaka zam'mbuyo ikanachita zomwezo. Texas inatumiza gulu la anthu kudzamugwetsa. Burrow anasuntha pang'ono kulowa kutsogolo pakati pa matupi, n'kuponya thupi lili lopendekeka. Receiver Justin Jefferson anawakha, anazemba wotchinga mmodzi, n'kuthamanga m'mbali mwa mzere mpaka kumapeto, mayadi 61. Masewero anatha 45 kwa 38. Usiku umenewo ndi pamene anthu a ku Baton Rouge anazindikira kuti timu yawo yasintha khalidwe.

Amene ankawakha, amene ankathamanga, amene ankatchinga

Woponya sawala yekha. Jefferson, amene pochoka ku sekondale masukulu akuluakulu sankamufuna kwenikweni ngakhale azichimwene ake awiri anaseweraponso LSU, anawakha mipira 111, mayadi 1,540 ndi ma touchdown 18. Ankaima cha m'kati, pamene pamafunika kuchenjera ndi kupeza kampata pakati pa anthu. Kunja kunali Ja'Marr Chase, wa zaka 19, wamphamvu ngati wonyamula matumba a chimanga, amene wotchinga akamugwira ankangomukankhira kumbali: mipira 84, mayadi 1,780, ma touchdown 20, ndi mphoto ya Biletnikoff ya receiver wopambana onse m'dziko. Wachitatu, Terrace Marshall Jr., anapeza ma touchdown 13, chiwerengero chimene m'timu ina chikanamupanga kukhala nyenyezi. Vuto la adani linali la masamu: ukaika anthu awiri pa Chase, Jefferson watsala ndi mmodzi.

Amene ine ndimamukonda m'timuyi ndi Clyde Edwards-Helaire, wothamanga ndi mpira, mwana wa mu Baton Rouge momwemo, wamfupi kwambiri poyerekeza ndi anzake, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 70. Anathamanga mayadi 1,414, koma tsiku lake linali pa 9 Novembala ku Tuscaloosa, kwawo kwa Alabama, pamaso pa anthu oposa 100,000 kuphatikizapo Pulezidenti Donald Trump. LSU inapita kopuma ikutsogola 33 kwa 13. Alabama, motsogozedwa ndi quarterback wawo Tua Tagovailoa, inabwerera mwaukali, ndipo nthawi iliyonse imene inayandikira, kamunthu aka kankazungulira ngati nguli, kudumpha m'manja mwa anthu aakulu kukaposa, n'kupeza mayadi ofunikira. Analowetsa ma touchdown anayi. Zinatha 46 kwa 41, ndipo anyamata ananyamula Burrow pamapewa.

Otchinga sanali angwiro, ndipo ndi pomwe otsutsa ankaloza chala. Vanderbilt inawamwetsa mapointi 38, Ole Miss 37. Koma anali ndi Grant Delpit, amene analandira mphoto ya Jim Thorpe ya wotchinga kumbuyo wabwino koposa, ndi Derek Stingley Jr., mwana wa chaka choyamba amene analanda mipira isanu ndi umodzi m'mwamba. Pamene zinafika pothina anadzuka: Texas A&M, imene chaka cham'mbuyo inagonjetsa LSU 74 kwa 72 m'masewero amene anawonjezeredwa nthawi kasanu ndi kawiri, inangopeza mapointi 7 pa 50 a LSU. Mu fainolo ya SEC, Georgia inapeza 10 pa 37. Zimphona zisanu za kutsogolo zija, zimene dzina lake silitchulidwa pa wailesi pokhapokha zikalakwitsa, zinalandiranso mphoto ya Joe Moore monga gulu.

Heisman, ndi mawu a ku New York

Mphoto yaikulu ya wosewera mmodzi ndi Heisman Trophy, imene amavotera atolankhani ndi amene anailandirapo kale. Burrow anailandira pa 14 Disembala ku New York, ndipo ovota oposa 90 pa 100 alionse anamuika pa nambala wani. Anali woyamba wa LSU kuilandira kuchokera pa Billy Cannon mu 1959. Polankhula, misozi ili m'maso, anatchula za ana a kwawo ku Athens amene amabwerera kunyumba kuchokera kusukulu osapeza chakudya chokwanira. Pamasabata ochepa anthu anasonkha madola oposa 500,000 kupita ku nkhokwe ya chakudya cha osowa ya m'deralo. Kwa amene amaganiza kuti ku America kulibe njala, nkhani imeneyi ndi yofunika kuisunga.

Ndime yomaliza inali yachidule kufotokoza. Pa 28 Disembala ku Atlanta, LSU inathambitsa Oklahoma 63 kwa 28; Burrow anaponya ma touchdown asanu ndi awiri asanapite kopuma, anayi mwa iwo kwa Jefferson. Fainolo inali pa 13 Januwale 2020 ku New Orleans, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pasukulu pawo, ndi Clemson, akatswiri a chaka cham'mbuyo amene anali atapambana masewero 29 otsatizana. Clemson inatsogola 17 kwa 7, ndipo kwa nthawi yoyamba LSU inaoneka yosokonezeka. Kenako Burrow anayamba kupeza Chase, amene anamaliza ndi mayadi 221. Thaddeus Moss, mwana wa katswiri wakale Randy Moss, anawakha ma touchdown awiri. Zinatha 42 kwa 25. Masewero 15, kupambana 15, mapointi 726, ndipo asanu ndi awiri mwa adaniwo anali m'gulu la matimu khumi apamwamba pa tsiku limene anakumana nawo. Pa chifukwa chimenechi ambiri amaitcha timu yopambana m'mbiri yonse ya makoleji, ngakhale okonda Nebraska ya 1995 ndi Miami ya 2001 sangakuvomerezeni.

Ndalama: amadya ndani?

Usiku wa fainolo womwewo panachitika kanthu kamene kakufotokoza mkangano waukulu wa masewerawa. Odell Beckham Jr., amene panthawiyo anali kale wolemera mu NFL, analowa m'bwalo n'kuyamba kugawa ndalama m'manja mwa osewera, makamera akujambula. Kwathu kuno tikanati ndi kufupa basi, monga timachitira ndi wovina bwino paukwati. Koma malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji, ankaletsa wosewera kulandira ndalama chifukwa cha masewero. Sukuluyo inamuletsa Beckham kufika pamalo ake a masewero kwa zaka ziwiri.

Chimene wosewera ankalandira chinali sukolashipu: fizi, malo ogona, chakudya, mabuku, ndi kandalama kochepa ka zofunika zina. Timu iliyonse inkaloledwa kupereka masukolashipu 85. Pamene zinali choncho, makampani a kanema ankalipira maligi mamiliyoni ambirimbiri, ndipo Orgeron atangotenga chikho anasaina mgwirizano wa madola 42 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi. Oikira kumbuyo dongosolo lakalelo ankati digiri yaulere ndi malipiro okwanira, ndipo ndalama za football ndi zimene zimayendetsa masewero ena osapindulitsa monga kusambira ndi kuthamanga. Otsutsa ankati amene akuika mawondo ndi ubongo wake pachiswe ndi mnyamatayo, ndipo ochuluka mwa iwo sadzafika mu NFL.

Zinthu zasintha kuchokera pamenepo. Kuyambira pa 1 Julaye 2021, osewera amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi nkhope zawo, monga kutsatsa malonda, dongosolo limene limadziwika ndi zilembo zakuti NIL. Mu 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola masukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka pafupifupi madola 20 miliyoni pa chaka pa sukulu imodzi. Kusamuka nakonso kunafewetsedwa, moti zimene Burrow anachita ndi digiri m'manja lero aliyense angachite. Ena akuti chilungamo chafika. Ena akuti timu yasanduka msika, wosewera akupita kumene kwanona.

Timu imene imatha ikangopsa

Kalabu ya mpira wamiyendo ikapeza osewera abwino imawamanga ndi makontrakiti. Sukulu singawasunge nthawi yaitali. Mwa lamulo la nthawiyo, wophunzira anali ndi masizoni anayi oti asewere m'kati mwa zaka zisanu, ndipo pakatha zaka zitatu chichokereni ku sekondale ali ndi ufulu wolowa mu draft, mwambo wa pachaka umene matimu 32 a NFL amasankha osewera atsopano mosinthana, yoyamba kusankha ikhala imene inachita moipa koposa.

Mu Epulo 2020, osewera 14 a LSU anasankhidwa, asanu m'ndime yoyamba. Burrow anali woyamba pa onse, kupita ku Cincinnati Bengals. K'Lavon Chaisson anapita ku Jacksonville, Jefferson ku Minnesota Vikings, Patrick Queen ku Baltimore, Edwards-Helaire ku Kansas City. Joe Brady anali atapita kale ku Carolina Panthers ya mu NFL, ndipo mkulu wa otchinga, Dave Aranda, anakakhala mphunzitsi wamkulu kusukulu ya Baylor. Chase, amene zaka zake zinali zisanakwane, anasankha kusasewera sizoni ya 2020 ya nthawi ya Covid-19, ndipo mu 2021 Bengals inamutenga pa nambala 5 kuti akakumanenso ndi Burrow. Awiriwa anafikitsa timuyo mu Super Bowl, fainolo ya NFL, mu Febuluwale 2022, kumene anagonja 23 kwa 20 ndi Los Angeles Rams.

Kumbuyo ku Baton Rouge, LSU ya 2020 inapambana masewero asanu n'kugonja asanu. Mu Okutobala 2021, pasanathe zaka ziwiri chinyamulireni chikho, sukuluyo inalengeza kuti Orgeron achoka sizoni ikatha.